Buku Lobwereka Linayatsa Magetsi ku Wimbe

Amayi anzathu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kodi mwana wanu akaŵeruka kusukulu, ali ndi buku lina lililonse loti aŵerenge kupatula kope lake? Tamvani za mwana wa kufupi ndi kwanu konkuno.

Makolo a William Kamkwamba ankakhala ku Dowa asanasamukire ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002, William analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosoŵa fizi. Iye sanangokhala manja lende. Ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anabwereka buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, motero ankayang'anitsitsa zithunzi. Pogwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake ndi zitsulo zotayidwa, anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi panyumba pawo.

Buku la mbiri yake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009 ndipo linalandira mphoto ya Alex Award ku Amerika mu 2010. Mu 2012 munatuluka lina la ana aang'ono, la zithunzi zojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Palinso buku la Galimoto, limene Karen Lynn Williams analemba mu 1990, lonena za Kondi, mnyamata wa ku Malaŵi wofunafuna mawaya opangira galimoto. Kodi ana anu sangadziwone okha m'mabuku otereŵa?

Mwina mukuti, ine sukulu sindinapite patali. Musade nkhaŵa, mayi. Buku la zithunzi limaŵerengeka ndi maso. Madzulo mukatha kutsuka mbale, yalani mphasa pakhonde, mumkhazike mwana pamiyendo, ndipo mumfunse chimene akuona pa tsamba lililonse. Wamkulu aŵerengere wamng'ono, agogo nawo awonjezere nthano.

Nanga mabuku mungawapeze kuti? Bungwe la National Library Service, limene linayamba ntchito mu 1968 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, linasindikiza mabuku a ana otchedwa Werengani. Funsani aphunzitsi aakulu a sukulu ya kwanu ngati ali ndi mabuku obwereketsa. Mukabwereka, muwasunge m'thumba la pulasitiki poopa chiswe ndi mvula, ndipo muwabweze pa nthaŵi yake kuti mwana wa mnzanu aŵerengenso.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Sabata ino, kabwerekeni buku limodzi.