"Kodi mumapemphera kuti?" Zomwe kalembera amaona ndi zomwe zimamudutsa

Mu September 2018, anthu a kalembera anayenda khomo ndi khomo m'boma la Mulanje, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Muloza, kumalire ndi Mozambique, atanyamula matabuleti m'malo mwa mapepala. Anapeza anthu 684,107 m'bomali, mwa anthu 17,563,749 a m'dziko lonse. Limodzi mwa mafunso awo linali la chipembedzo, funso looneka lophweka koma lovuta kuliyeza.

Zotsatira zomwe ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inatulutsa zinaonetsa kuti Akhristu ndi 77.3 peresenti, Asilamu 13.8 peresenti, ndipo 2.1 peresenti anati alibe chipembedzo. Akatolika anali 17.2 peresenti, a CCAP 14.2, a Pentekoste 7.6, Angilikani 2.3. Pa kalembera wa 2008, Akhristu anali 82.7 peresenti. Ena ataona kutsikaku anafulumira kunena kuti Amalawi akusiya kupemphera. Sizikumveka, chifukwa onena kuti alibe chipembedzo sanachuluke. Chomwe chinakula ndi gulu la "zipembedzo zina", kuchoka pa 1.9 kufika pa 5.6 peresenti. Mu 2008 Akhristu onse anali m'gulu limodzi, pamene mu 2018 anawagawa m'mipingo, ndipo funso likasintha, mayankho amasinthanso. Mwina munthu amene mpingo wake sunali pamndandanda anangoponyedwa kwa "ena".

Komanso amene amayankha ndi mmodzi, kawirikawiri mutu wa banja kapena wamkulu amene wapezeka pakhomo. Mayi wa Mvano akafunsidwa, ana onse amalembedwa a CCAP, ngakhale mnyamata wamkulu anasiya kalekale ndipo Lamulungu amakhala ku bawo. Mtsikana amene m'mawa amaimba kwaya ku Mulanje Mission, madzulo n'kukapemphera kwa mneneri m'kalasi ya pulayimale, amalembedwa kamodzi basi. Amene amathira nsembe kwa makolo mvula ikavuta sanganene zimenezo kwa mlendo wa boma. N'chifukwa chake chipembedzo cha makolo chinangopeza 1.1 peresenti. Kalembera amayeza dzina la mpingo lomwe munthu amadzitchula nalo. Za kuti amapitako kangati, funsolo silifika kumeneko.

Mabuku a mipingo nawo ali ndi kawerengedwe kawo. Akatolika amawerenga obatizidwa, ndi makanda omwe. A CCAP amasiyanitsa a mgonero ndi a kalasi. A Seventh Day Adventist, amene mizu yawo ili ku Malamulo m'boma la Thyolo, amawerenga obatizidwa atazindikira. Wopita ku Joni amakhalabe m'kaundula, womwalira amachedwa kufufutidwa, ndipo wosamukira mpingo wina amapezeka m'mabuku awiri. Mutaphatikiza zomwe mipingo yonse imanena, musadabwe anthu atachuluka kuposa omwe alipodi. Atsogoleri ena a Chisilamu akhalanso akunena kuti chiwerengero chawo n'choposa cha boma, makamaka poona Mangochi ndi Machinga kumene Asilamu ndi ambiri. Koma kudzaza kwa mzikiti Lachisanu kapena tchalitchi Lamulungu sikupereka chiwerengero cha dziko lonse.

Kwa ine, vuto lenileni lili pa magulu awiri. Gulu lalikulu kuposa onse mu 2018 silinali Katolika kapena CCAP, koma "Akhristu ena", 26.6 peresenti. Munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ali m'thumba lopanda dzina, momwe muli mipingo yambirimbiri yoyambitsidwa ndi Amalawi. Kenako Adventist, Baptist ndi Apostolic anawamanga mtolo umodzi wa 9.4 peresenti. Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza zaumoyo. A Adventist ali ndi chipatala chachikulu ku Malamulo, pamene nthambi zina za Apostolic ndi Ziyoni zimaletsa mankhwala ndi katemera. Mu 2010, chikuku chitagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, mabanja ena a mipingo yotereyi anabisa ana awo kwa obaya katemera. Nambala ya 9.4 singamuuze mkulu wa zaumoyo m'boma kuti mabanja oterewa ndi angati, kapena ali mbali iti ya phiri la Mulanje.

Chikuku chimafuna kuti ana pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse abayidwe kawiri kuti chisafalikire, choncho midzi iwiri kapena itatu yokana katemera ndi yokwanira kubutsa mliri. Ku Mulanje, kumene anthu amawoloka Ruo tsiku ndi tsiku ndipo ena amabwera kudzathyola tiyi kwa nyengo chabe, amene amadziwa midzi imeneyi ndi alangizi a zaumoyo. Iwo amalemba khomo lililonse m'kaundula wa m'mudzi, ndipo akafuna kulengeza za sikelo kapena katemera, amadziwa kuti kalata ipite kwa mbusa uti, kwa shehe uti, ndi kuti kwa mtumwi uti apite okha pamodzi ndi a mfumu.