Ndani Anaposa Onse M'madzi? Kuwerengera Kuchokera ku Mapiri a Dedza

Tauni ya Dedza ili ndi ulemu umene tauni ina m'Malawi muno singailande: ndiyo yokwera kuposa onse, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo phiri limene yatsamira limafika mamita 2,198. Kuno timadziwika ndi mbatata ya kachewere, zoumbaumba ndi chisanu cha mu Juni. Za kusambira sizibwera msanga pakamwa. Komatu boma lomweli limatsetsereka mpaka kukagunda nyanja ku Mtakataka. Munthu wonyamuka m'mawa atavala juzi, akatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, pofika ku Golomoti juzi ija ili m'manja, thukuta lili kamukamu, ndipo akamaponda mchenga wa kunyanja amakhala atatsika mamita oposa 1,000. Ambiri amafika kumeneko madzi akuwakopa, koma asanaphunzirepo ngakhale kuyandama. Tiyeni tione amene anaposa anzawo pa nkhani za m'madzi, abwino ndi oipa omwe.

Madzi akuya kuposa onse

Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto kwake. Mu Africa muno imangoposedwa ndi ya Tanganyika, imene imafika mamita 1,470. Pansi penipeni pa nyanja yathu ndi potsika kuposa mlingo wa nyanja yamchere. Ndipo palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere padziko lapansi imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa yathuyi. Koma kuya konseko sikumene kumatha ana a kumapiri. Iwo amamira m'maenje otsala pofukula dothi la njerwa, m'zitsime za kudimba, m'madamu, ndi mumitsinje ya Linthipe ndi Diamphwe ikasefukira nthawi ya dzinja. Khanda limatha kumira m'ndowa ya madzi imene mayi waisiya pakhonde.

Amene anaisambira yonse

Mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira nyanja ya Malawi m'litali mwake, makilomita pafupifupi 580, kwa masiku 54. Ndiye kuti tsiku lililonse ankakwapula makilomita oposa 10, n'kupuma, m'mawa mwake n'kuyambira pomwe anasiyira. Anakhala munthu woyamba kuchita zimenezi, ndipo buku la Guinness linamulemba kuti palibe anasambirapo yekha mtunda wautali chotere m'nyanja ya madzi opanda mchere. Cholinga chake chinali kupeza ndalama zothandizira bungwe la Smile Foundation, limene limathandiza ana obadwa ndi zilema za kunkhope.

Iye asanabwere, ena anali atawoloka kale nyanjayi m'mimba mwake. Mu 1992 Lewis Pugh ndi Otto Thaning anasambira makilomita 25 kuchokera tsidya la kum'mawa kudzafika ku Senga Bay, ulendo wa maola pafupifupi 10. Chimene anthu amaiwala pofotokoza za akatswiri otere n'chakuti sasambira okha. Pambali pawo pamayenda boti la anthu owapatsa chakumwa, owayang'anira mphepo ya mwera, ng'ona ndi mvuu. Mnyamata amene walawa pang'ono pa tsiku la anakubala, 15 Okutobala, n'kuuza anzake kuti akagunda bwato lili patali apo, alibe aliyense womuyang'anira.

Ndinenepo apa kuti mayina onsewa ndi a alendo. Ana a asodzi a ku Mtakataka amasambira asanayambe n'komwe sukulu, ndipo ena mwa iwo akanapatsidwa mphunzitsi bwenzi tikumva mbiri yawo. Palibe amene anawaimirira ndi wotchi.

Kothamanga, kochedwa, katsopano

Pa mipikisano pali masambiridwe anayi. Kothamanga kuposa konse ndi freestyle, kosambira chafufumimba, mikono ikupalasa mosinthana, nkhope ili m'madzi, mpweya n'kumaukoka chammbali. César Cielo wa ku Brazil anasambira mamita 50 m'masekondi 20.91 mu 2009, ndipo panadutsa zaka zoposa 15 wina asanaiphwanye nthawi imeneyi. Pa mamita 100, Pan Zhanle wa ku China anachita masekondi 46.40 ku Paris mu 2024.

Kochedwa kuposa konse ndi breaststroke, kamene miyendo imatakasa ngati ya chule. Adam Peaty wa ku Britain, amene anasambira mamita 100 m'masekondi 56.88 mu 2019, akanatsalira masekondi oposa 10 kumbuyo kwa Pan. Koma musakapeputse. Munthu amatha kusambira motere mutu uli pamwamba, akuona kumene akupita, osatopa msanga. Ndi kameneka Matthew Webb anawoloka nako nyanja ya English Channel mu 1875, woyamba kutero, atakhala m'madzi ozizira maola 21 ndi mphindi 45.

Katsopano kuposa konse ndi butterfly, kamene kanapatulidwa ku breaststroke mu 1952 n'kuyamba kupikisanidwa pakokha pa Olimpiki ya ku Melbourne mu 1956. N'kokongola kuonera, n'kotopetsa koopsa, ndipo sindinamvepo kuti kapulumutsa munthu pa bwato logubuduzika.

Kachinayi ndi kosambira chagada, backstroke. Apa ndi pamene Africa amanyadira.

Mamendulo ochuluka

Padziko lonse palibe wofika pa Michael Phelps wa ku America: mamendulo 28 a Olimpiki, 23 mwa iwo agolide, ndipo 8 anawatenga pa mpikisano umodzi ku Beijing mu 2008. Koma ife wathu ndi wa pafupi pompa. Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, dziko limene nalonso lilibe gombe la nyanja yamchere, anatenga mamendulo 7, kuphatikizapo golide wa mamita 200 chagada mu 2004 ndi 2008. Mu Malichi 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti ya Olimpiki padziko lonse, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa ku Africa kukhala pampandowo.

Wochedwetsetsa amene anaomberedwa m'manja

Pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000, Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea anasambira mamita 100 yekhayekha, anzake awiri atachotsedwa chifukwa chodumpha belu lisanalire. Anali ataphunzira kusambira miyezi yochepa chabe, akuyeserera m'kadziwe ka pahotela. Chakumapeto mikono inalema, anthu n'kuyamba kuopa kuti samaliza, koma anagunda khoma pa mphindi imodzi ndi masekondi 52.72, bwalo lonse litaimirira.

Malawi nayenso amatumizako ana ake, ngakhale mendulo ya Olimpiki sitinaionepo pa masewero alionse. Yona Walesi anatsegula njira ku Athens mu 2004. Pambuyo pake panabwera Charlton Nyirenda, Joyce Tafatatha, Ammara Pinto, Brave Lifa, Jessica Makwenda, Filipe Gomes, ndi Tayamika Chang'anamuno amene anasambira ku Paris mu 2024. Dziwe la mamita 50 la ku Kamuzu Institute for Sports mu Lilongwe, lomwe linamangidwa pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022, lili makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma.

Mayeso amene buku silithandiza

Pali mayunivesite amene sapereka digiri kwa wophunzira amene sanaphunzire kusambira. Ku Cornell, m'dziko la America, lamuloli linayamba mu 1905, ndipo kwa zaka zambiri wophunzira ankayenera kusambira mayadi 75 osapuma; wolephera ankalowa kalasi ya oyamba kumene. Ku yunivesite ya MIT ndi mayadi 100. Yunivesite ya Tsinghua ku China inabwezeretsa lamulo lotere mu 2017, mamita 50.

Zimene zimachitika m'makalasi amenewa n'zosavuta kumva. Tsiku loyamba palibe za liwiro. Wophunzira amaima m'madzi olekeza m'chiuno, n'kuviika nkhope, n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mpaka mantha atachepa. Kenako amagona chagada, mphunzitsi atamuchirikiza ndi chikhatho kunkhongo. Makutu alowe m'madzi, chibwano chiloze kumwamba, mimba ikwere, manja atambasuke. Thupi limafuna kudzipinda kuti likhale tsonga, ndipo likangotero matako amatsika, munthu n'kumira. Akadekha, mphunzitsi amachotsa dzanja lija mwakachetechete, wophunzira osadziwa n'komwe kuti akuyandama yekha. Pa luso lonse la m'madzi, ili ndi limene ndimaliika patsogolo, chifukwa woyandama chagada amapuma, amatha kukuwa, ndipo amatha kudikira thandizo.

Kwathu kuno masewero olimbitsa thupi ku pulayimale ali m'phunziro la Expressive Arts, ndipo nthawi zambiri amathera pa mpira ndi kuthamanga. Komatu theka la maphunziro a chitetezo cha pamadzi silifuna dziwe. Likhoza kuphunzitsidwa pabwalo la sukulu, ndi nsungwi, chingwe ndi chigubu.

Ziwerengero zimene sitinyadira

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chili pamwamba. Ngozi yaikulu kuposa zonse ya sitima panyanja yathu inachitika pa 30 Julayi 1946, pamene Vipya inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto, kufupi ndi pomwe pankatchedwa Florence Bay, n'kupha anthu 145. Namondwe wa Freddy, amene anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa, anasiya akufa ndi osowa oposa 1,000 m'Malawi mu Malichi 2023. Pa madzi osefukira otero, odzaza miyala ndi mitengo, luso losambira silithandiza. Chothandiza n'kuthawira kumtunda msanga. Webb yemwe uja, ngwazi ya English Channel, anafera m'madzi olusa a mtsinje wa Niagara mu 1883 akuyesa kuwasambira.

Womira sakuwa monga timaonera m'mafilimu. Amakhala chiimire m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakumira n'kuvuuka, manja akupondereza madzi m'mbali, osatulutsa mawu. Mphindi imodzi isanathe amakhala atalowa. Anzake ali pafupi amaganiza kuti akusewera. Ndipo wolumphiramo kuti akamupulumutse popanda kuphunzira amagwidwa khosi, maliro n'kukhala awiri. M'malo mwake gonani chafufumimba pamtunda, mum'patse nsungwi kapena nsonga ya chitenje. Akakhala patali, muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Akavuulidwa asakupuma, musataye nthawi kumufinya pamimba kuti asanze madzi: mupumireni m'kamwa, mutsindike pakati pa chifuwa ka 30, mupumirenso kawiri, mupitirize choncho wina akuthamangira thandizo. Ngakhale atsitsimuke n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chaka chilichonse pa 25 Julayi dziko lonse limakumbukira za kupewa kumira m'madzi, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2021. Kuno limatipeza tikuwotha moto, maenje a njerwa akukumbidwa kumene. Inu aphunzitsi aakulu, mafumu, ndi inu amene mumaphunzitsa aphunzitsi ku Bembeke, yambani mwezi umenewo: maenje akwiriridwe mvula isanagwe, zitsime zivindikiridwe, ndipo basi ya sukulu kapena ya mpingo isatsike Khwekhwelere popanda munthu wamkulu mmodzi wosamwa mowa amene ntchito yake tsiku limenelo ndi kuyang'ana ana ali m'madzi.