Magnesium ndi Matenda a Kuphwanya kwa Thupi Lonse

Lero tikambirane za matenda amene madokotala amawatcha fibromyalgia. Wodwala matendawa amamva kuphwanya m'thupi monse kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, amatopa msanga, ndipo ngakhale agone usiku wonse amadzuka ali wolefuka. Akakayezetsa magazi sipapezeka kanthu, kotero kuti achibale ena amayamba kumunena kuti ndi waulesi. Si ulesi ayi, ndi matenda enieni, ndipo amagwira amayi ambiri kuposa abambo.

Pofuna mpumulo, odwala ambiri amagula mapiritsi a magnesium. Umenewu ndi mchere umene umathandiza minofu ndi mitsempha kugwira bwino ntchito. Koma kodi mapiritsiwa amachiza? Mu 2013, madokotala a ku Turkey anapeza kuti amayi ena amene ankamwa mamiligalamu 300 patsiku anamvako bwino, komatu amayiwo anali ochepa kwambiri. Mu 2017, bungwe la akatswiri a matenda a nyamakazi ku Ulaya la EULAR, litaunika njira zosiyanasiyana zothandizira odwalawa, linalimbikitsa kwambiri njira imodzi yokha: masewera olimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kuyambira pang'ono pang'ono.

Mayi wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 320 a magnesium patsiku, bambo pafupifupi 420. Ambiri mwa amenewa ali kale m'nkhokwe ndi m'dimba mwathu: nthanga za maungu, mtedza, nyemba, bonongwe ndi masamba ena obiriwira. Mgaiwa uli ndi magnesium wambiri kuposa ufa woyera, pakuti pokonola chimanga wambiri amapita ndi gaga.

Amene mwaganiza zomwa mapiritsi, mverani chenjezo ili. Akachuluka amatsegula m'mimba, choncho musapitirire mamiligalamu 350 patsiku popanda uphungu wa dokotala. Wodwala impso asamwe asanaonane ndi dokotala, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa mcherewu ndipo ukaunjikana m'magazi ungasokoneze mtima. Magnesium amalepheretsanso mankhwala monga ciprofloxacin ndi doxycycline kulowa bwino m'thupi.

Koposa zonse, yambani mwapita kuchipatala, pakuti kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimafoolanso thupi chimodzimodzi, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake. Ndipo inu achibale, mukhulupirireni wodwala wanu. Tsalani bwino.