Mpamba wa golosale umathera kuti?

Chaka chilichonse fodya akayamba kugulidwa ndipo mbatata ya kachewere ikamakwezedwa m'malole, m'misika ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mumatsegulidwa magolosale atsopano. Munthu amagulitsa mbewu zake, nagula malata angapo, namanga kanyumba m'mphepete mwa msewu, nadzazamo sopo, shuga, mchere, mafuta ophikira ndi machesi. Pofika mwezi wa Febuluwale ena mwa magolosalewa amakhala atatsekedwa, ndipo ena amene akutsegulabe m'mashelefu mwake mumakhala makatoni opanda kanthu oikidwa pongofuna kubisa manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti eni ake sadandaula za kusowa kwa ogula. Ogula ankabwera, ndalama zinkalowa tsiku ndi tsiku, wakuba sanathyole chitseko, koma mpamba unasungunuka. Ena amathamangira kunena kuti alowetsedwa chitaka. Koma kawirikawiri chitaka chenicheni chimakhala dzanja la mwini wake yemweyo, amene amayesa kuti ndalama zonse zili m'kabati ya golosale ndi zake zoti adye.

Malonda aang'ono otere ndiwo akhala akusunga midzi ya m'malire muno kuyambira pamene nkhondo inatha. Makantini ambiri akale anatsekedwa ufulu utabwera mu 1975, ndipo ena anaonongeka pa nkhondo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu amene anathawira ku Dedza, Ntcheu ndi madera ena a Malawi anabwerera kwawo napeza kulibe pogula ngakhale mchere, ndipo amene anali ndi njinga ndiwo anayamba kubweretsa katundu m'midzi. Choncho golosale ikatsekedwa samangovutika mwini wake yekha. Mudzi wonse umayambanso kuyenda mtunda wautali chifukwa cha bokosi limodzi la machesi.

Belo limodzi la shuga

Ndalama za m'kabati zili ndi eni ake atatu. Gawo lalikulu ndi la mwini holoselo, chifukwa ndilo liyenera kukapikula katundu wolowa m'malo mwa amene wagulidwa. Gawo lina ndi la dalaivala wa chapa, la msonkho wa pamsika ndi la mwini nyumba ngati malowo ndi a lendi. Katsalako ndiye phindu, ndipo nthawi zambiri kamakhala kochepa kuposa mmene munthu amaganizira.

Mwachitsanzo, munthu wapikula belo la shuga la mapaketi 20 pa mtengo wa 1,400 MT, ndipo akugulitsa paketi imodzi 85 MT. Mapaketi onse akatha apeza 1,700 MT, ndipo mumtima mwake amati wawina 300 MT. Waiwala kuti ulendo wokapikula unadya ndalama. Beloli likapatsidwa gawo lake la ulendowo, mwina 100 MT, phindu latsika kufika 200 MT. Tsono paketi imodzi inang'ambika m'chapa, ina inapita kunyumba chifukwa kunabwera alendo. Mapaketi ogulitsidwa ndi 18, ndalama zake 1,530 MT, phindu 30 MT yokha. Mapaketi ena awiri akatengedwa pa ngongole, m'kabati mulowa 1,360 MT, ndalama zosakwana ngakhale kupikula belo lina. Pamenepa sipanabedwe kanthu, ndipo ogula sanasowe. Zikachitika chimodzimodzi pa sopo, pa mafuta ndi pa mchere kwa miyezi isanu ndi umodzi, golosale yatha.

Mafuta ophikira ndi amene amanamiza kwambiri, popeza amagulitsidwa m'timiyeso ting'onoting'ono. Mwini wake ayenera kudziwa kuti chigubu chimodzi chimatulutsa timiyeso tingati, ndipo adziwe poyesa yekha ndi madzi asanaike mtengo. Kuonjezera kadontho ka basela kwa wogula aliyense kumakoma pamaso, koma pakutha pa chigubu basela uja amakhala atamwa phindu lonse.

Njira yotetezera mpamba kwa anthu a m'nyumba ndiyo yakuti mwini golosale adzilembe yekha ntchito. Adzipatse malipiro odziwika pa sabata, ngakhale ochepa, ndipo za ndiwo, za kuchigayo ndi za makope a ana zichokere pamenepo. Mayi wa pakhomo akafuna sopo agule ndi ndalama za malipirowo monga mmene agulira wina aliyense. Izi zimaoneka ngati nkhanza masiku oyamba, ndipo anthu amaseka kuti munthu akugula m'golosale yake yomwe, koma oseka aja sadzathandiza kudzaza mashelefu.

Nkhani ya achibale ndi yovuta kuposa apa. Amalume akafika n'kunena kuti, "Mphwanga, tandipatsako kashuga ndikamwere tiyi," palibe mwana woleredwa bwino amene angawatulutse chimanjamanja. Chibale ndi fupa, sichiola. Apongozi akadwala, kapena pamudzi pakagwa maliro, anthu amayang'ana kwa mwini golosale poyamba. Kukana zonse n'kosatheka ndiponso si ulemu. Chofunika n'chakuti chopereka chilichonse chilembedwe m'buku ndi mtengo wake, ndipo chichotsedwe pa malipiro a mwini wake, osati pa mpamba. Akatero amalume alandira shuga kuchokera kwa mphwawo, osati kuchokera ku belo la mwezi wa mawa.

Ngongole za nyengo ya njala

Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndalama zimasowa m'midzi chifukwa zonse zapita ku feteleza, mbewu ndi aganyu. Apa ndi pamene pa kauntala pamamveka mawu odziwika aja akuti, "Amayi, mundikongozeko sopo ndi kamchere, ndidzapereka fodya akatuluka." Wonenayo nthawi zambiri sanama. Vuto ndi lakuti fodya adzatuluka patapita miyezi inayi kapena isanu, ndipo kampani idzayamba yadula ngongole yake ya zipangizo za ulimi mlimi asanagwire kanthu. Mwini golosale ali kumapeto kwa mzere. Pa miyezi imeneyo ndalama ya sopo uja ikanapita ku holoselo n'kubwerako maulendo angapo, ulendo uliwonse ndi kaphindu kake.

Golosale ya m'mudzi singakhale yosakongoza konse, chifukwa ogula ake ndi anthu omwewo amene mwini wake amapemphera nawo ndi kukumba nawo manda. Koma ngongole iyenera kukhala ndi mpanda. Mwini wake asankhe ndalama imene angathe kuiyembekezera osavutika, mwina yofanana ndi phindu la mwezi umodzi, ndipo ngongole zonse pamodzi zisapitirire pamenepo. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake m'buku: tsiku, chimene watenga, mtengo, ndi tsiku lobweza. Tsambalo liwerengedwe mokweza wokongolayo ali pomwepo, makamaka ngati sadziwa kuwerenga, kuti pasadzakhale kukangana pa nthawi yokolola. Amene sanamalize ngongole yakale asapatsidwe yatsopano. Buku limathandizanso pokana, popeza munthu atha kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, amene akukana ndi bukuli, tsamba lanu ladzaza."

Zinthu zina siziyenera kukongozedwa n'komwe. Mowa ndi ndudu zili patsogolo, chifukwa ngongole ya mowa munthu amaiiwala mmawa mwake. Mayunitsi a foni nawonso phindu lake ndi lochepa kwambiri kotero kuti mmodzi wosabweza amafafaniza phindu la ogula ambiri.

Nthawi yokolola ena amabweza ngongole ndi chimanga, nyemba kapena soya. Izi si zoipa, koma mwini holoselo salandira chimanga. Amene walandira mbewu ayenera kugwirizana mtengo wa tsiku lomwelo, kuonetsetsa kuti zauma, ndi kukumbukira kuti matumba ndi mankhwala a nankafumbwe n'zogula. Kusunga chimanga kuti chidzakwere mtengo mu Januwale ndi malonda abwino kwa munthu amene ali ndi ndalama zina zodzazira mashelefu. Kwa amene alibe, golosale imasanduka nkhokwe, ndipo ogula sopo amazolowera kupita kwa mnzake.

Kwacha ndi metikali m'kabati imodzi

Ndalama ya dziko lino ndi metikali, koma aliyense wa ku Calómuè, Biri-Biri kapena Zóbuè akudziwa kuti kwacha imayenda m'manja mwa anthu tsiku lililonse. Pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off, pamene msewu waukulu wa Malawi ukuyenda pamalire penipeni, munthu amagulitsa mbatata tsidya lina n'kugula sopo tsidya linalo. Wokana kwacha amataya ogula. Koma wolandira kwacha mosaganiza amataya mpamba popanda kuona pamene wadutsira.

Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 pa 100, dola imodzi ya America n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zaka zomwezo metikali inali itangoima pafupi ndi 64 MT pa dola. Potengera mitengo ya kubanki, K100,000 imene inali ngati 5,400 MT inadzuka mmawa ili ngati 3,800 MT. Osintha ndalama a pamalire ali ndi mtengo wawo wosiyana ndi wa kubanki, koma nawonso amatsata komwe mphepo ikulowera. Amene anagonetsa kwacha pansi pa mphasa podikira ulendo wopita ku Ulónguè anataya katundu wa shelefu yathunthu asanatuluke m'nyumba.

Chothandiza apa n'chakuti ndalama zizibwezeredwa msanga ku mtundu wa ndalama umene munthu amapikulira. Wopikula ku Ulónguè kapena ku Tete asasunge kwacha masiku ambiri. Wopikula ku Dedza kapena ku Lilongwe kwacha ili ndi ntchito kwa iye, koma asaigonetse, aisandutse katundu. Mtengo wosinthira ufunsidwe mmawa uliwonse, osati kugwiritsa wa sabata yatha, ndipo buku lilembedwe mu ndalama ya mtundu umodzi wokha. Akuluakulu ena amawerengabe ndi makonto a ndalama yakale isanasinthidwe mu 2006, pamene 1,000 yakale inasanduka 1 MT, choncho polemba ngongole pafunika kutchula bwino kuti ndi ndalama iti.

Palinso cholakwika china chimene anthu a mtima wabwino amachita. Katundu akakwera ku holoselo, iwo amapitiriza kugulitsa wakale pa mtengo wakale, amati popeza anamugula motchipa. Belo la 1,400 MT likafika 1,700 MT ku holoselo, wogulitsabe 85 MT adzapeza kuti ndalama zonse za belo lakale zangokwana belo latsopano, popanda ya ulendo. Mtengo wa pa shelefu uyenera kutsata mtengo wokapikulira mawa, osati wa dzulo.

Za njira zachidule zozembetsera katundu, mawu ndi ochepa: tsiku limene a kasitomu agwira katunduyo, mpamba wonse umapita nthawi imodzi.

Masiku ano ogula ambiri amalipira ndi M-Pesa, imene Vodacom inayambitsa m'dziko muno mu 2013, kapena e-Mola ya Movitel. Ndi bwino golosale kukhala ndi nambala yakeyake yosiyana ndi ya pakhomo, apo ayi ndalama za katundu zimathera m'mayunitsi ndi kutumizira achibale. Katundu asachoke pa kauntala mwini wake asanaone ndalama pa foni yake. Uthenga wa pa foni ya wogula si umboni, chifukwa akamberembere amadziwa kulemba uthenga wofanana ndi weniweni.

Mvula isanayambe, misewu ya dothi isanaterere, ndi nthawi yodzaza katundu wosachedwa kutha monga mchere, sopo, mafuta, machesi ndi mabatire. Mabisiketi odula ndi mafuta odzola okongola amakometsa shelefu, koma amamanga ndalama kwa miyezi, ndipo tsiku lake lothera ntchito likadutsa oyendera a boma amawalanda. Mapepala nawonso akonzedwe nthawi ya ndalama. Nambala ya msonkho ya NUIT imaperekedwa mwaulere, ndipo za chiphaso cha malonda amafotokoza ku ofesi ya boma ya zamalonda ya m'distrito. Mu 2009 boma linakhazikitsa msonkho wa amalonda aang'ono wotchedwa ISPC, umene panthawiyo unali 3 pa 100 iliyonse ya ndalama zogulitsa, osati ya phindu. Mlingo wa chaka chino ufunsidwe ku Finanças, ndipo wopita kumeneko ndi buku lolembedwa bwino amalankhula ndi manambala osati kungopepesa.

Kamodzi pa mwezi chitseko cha golosale chitsekedwe masana amodzi kuti katundu awerengedwe. Chilichonse chili pa shelefu chiwerengedwe pa mtengo wopikulira, kenaka aonjezere ndalama za m'kabati ndi za pa foni, ndi kuchotsa ngongole imene iye ali nayo ku holoselo. Ngongole za ogula zilembedwe pambali, zisalowe m'chiwerengerocho kufikira zitabwezedwa. Ngati mwezi watha zonse zinali 20,000 MT ndipo mwezi uno ndi 18,500 MT, ndiye kuti 1,500 MT ya mpamba yadyedwa, ndipo malipiro a mwini wake atsike, kukongoza kuime, kufikira dzenjelo litakwiriridwa. Ngakhale nambala itafanana ndi ya mwezi watha, afunsenso kuti ndalamazo zingapikule mabelo angati lero, chifukwa mpamba umene unkagula mabelo 10 ndipo tsopano ukugula 9 wachepa.

Ntchito yowerengayi imafuna anthu awiri, wina kuwerenga wina kulemba. Pamene golosale ndi ya banja, bambo ndi mayi awerengere limodzi. Pamene pali mnyamata wolembedwa ntchito kapena mwana wogulitsa akaweruka kusukulu, nayenso akhalepo, aone manambala ndi maso ake, ndipo onse asaine pansi pa tsambalo. Bukulo lizigona kunyumba, osati m'golosale.