Njira yachidule yatsekedwa, msewu ndi matope okhaokha: kodi ku Thyolo tidandaule kwa ndani?

Ndili mwana, popita kuchigayo ndi azakhali anga tinkadutsa kanjira ka m'munda wa tiyi. Kanali kopapatiza, mame ankanyowetsa miyendo, koma m'mphindi 20 tinali titafika. Nditapita kumudzi patchuthi chapitachi ndinapeza pakanjira paja pali waya ndi chipata, mlonda atakhala pambali pake.

"Anatseka, mwanawe," anatero azakhali. "Pano timazungulira kumsewu."

Kumsewuko ndi ulendo wa pafupifupi ola lathunthu, thumba la chimanga lili pamutu. Mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati sopo, ndipo akabaza amakweza mtengo kapena kukaniratu. Nditaiponya nkhaniyi pagulu la WhatsApp la achinyamata a kwathu, aliyense anali ndi womuloza chala. Wina ati khansala akugona, wina ati phungu anatithawa, wina ati DC. Koma nditafunsa kuti msewuwo mwini wake ndani, gulu lonse linangoti zii.

Apa ndi pamene pagona vuto. Ku Thyolo, paulendo umodzi wokha mutha kuponda misewu ya eni atatu osiyana, ndipo mukagogoda pakhomo lolakwika mudzabwerako ndi malonjezo basi.

Kanjira ka m'tiyi

Boma la Thyolo ndi lalikulu masikweya kilomita 1,715, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 721,456. Uku ndi kuthithikana kale, koma kumbukirani kuti gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti a tiyi ndi makadamiya monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makandi.

Nkhaniyi inayamba kale. M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda pansi pa Harry Johnston linapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo akuluakulu kumapiri a chigawo cha kummwera. Anthu okhala pamalowo ankalipira lendi pogwira ntchito, ija agogo athu amaitchula mowawidwa mtima kuti thangata. Thangata inatha, koma malire ambiri anatsala pomwepo. Ndi chifukwa chake mudzi utha kukhala mbali ino, sukulu kapena chipatala mbali inayo, pakati pali tiyi wa kampani. Mkwiyo wa nkhani ya malo unafika pachimake m'zaka za 2016 ndi 2017, pomwe gulu la People's Land Organisation motsogozedwa ndi Vincent Wandale linkafuna malo a maesiteti mpaka kulengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha.

Ndiye kanjira kodutsa m'munda wa esiteti nthawi zambiri kamakhala pamalo a mwini, ndipo si khonsolo imene imakatseka. Eni minda nawonso ali ndi madandaulo awo: kubedwa kwa makadamiya, kudulidwa kwa mitengo, kuonongeka kwa mbewu. Funso loyamba n'lakuti, kodi njirayo inalembedwa m'kaundula wa boma ngati msewu wa anthu onse? Ngati inalembedwa, palibe munthu kapena kampani ingangodzuka n'kuikapo chipata. Ngati sinalembedwe, chimene chimathandiza ndi kukambirana: mafumu, khansala, ofesi ya DC ndi akuluakulu a esiteti kukhala pansi n'kugwirizana, mwina za nthawi yotsegula chipata, mwina za njira ina yolowa m'malo mwake. Ndipo zomwe agwirizana zilembedwe, chifukwa mamanejala amasintha.

Phula amathira ndani?

Msewu wa M2, wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo boma ndi Luchenza mpaka ku Mulanje ndi Muloza, si wa khonsolo. Uli m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera misewu yotere zimasungidwa ndi Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a 2006, ndipo gwero lawo lalikulu ndi kandalama kamene kamaikidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Kutanthauza kuti mukakwera njinga yamoto ya kabaza, mwasonkhako kale.

Msewu wochokera pa Thyolo boma kudzera ku Makwasa ndi Thekerani kutsikira ku Muona ndi Makhanga nawo ndi ntchito ya boma lalikulu, yomwe inadalira ngongole zakunja. Anthu a ku Thekerani ndi mboni kuti phulalo analidikira zaka zambirimbiri.

Yotsala m'manja mwa khonsolo ndi misewu ing'onoing'ono ya m'boma ndi ya m'midzi, milatho yake ndi ngalande zake. Iyi ndi imene imatilumikiza kumsika, kusukulu ndi kuchipatala, ndipo ndi imene namondwe Freddy anaisiya ili zigwembe mu Malichi 2023. Pomwe misewu ya m'kati mwa esiteti imakonzedwa ndi esitetiyo, n'chifukwa chake nthawi zina mumaona msewu wosalala bwino mpaka pamalire, kenako mayenje.

Nanga ndalama za tiyi zimapita kuti?

Ili ndi funso limene achinyamata ambiri amafunsa akaona malole odzaza tiyi akulowera ku Limbe. Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zazikulu zobweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, ndiye bwanji khonsolo ya kwawo kwa tiyi ilibe ndalama zothirira ngakhale miyala mumsewu?

Yankho lili m'mene misonkho inagawidwira. Msonkho wa phindu la kampani ndi wodulidwa pamalipiro a ogwira ntchito umapita ku MRA, n'kulowa m'thumba lalikulu la boma. Ground rent ya malo a lizi imalipidwa ku unduna wa za malo. Khonsolo imadikira gawo lake kuchokera ku Lilongwe, lomwe nthawi zambiri limabwera litauzidwa kale ntchito yake, monga zaumoyo, maphunziro ndi ulimi.

Mizinda ngati Blantyre ili ndi chida china champhamvu: msonkho wa malo ndi nyumba, uja a m'tauni amangoti ma city rates. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limalola makhonsolo kutolera msonkhowu, koma m'madera okhawo amene alengezedwa kuti ndi oyenera kulipira, ndipo akatswiri amayenera kuwerengera mtengo wa nyumba ndi malo zaka zisanu zilizonse. Luchenza, pokhala tauni yokhala ndi khonsolo yakeyake, ili m'gulu lotolera msonkhowu. Makhonsolo a m'maboma ambiri amadalira kwambiri matikiti a pamsika, ziphaso za malonda ndi zolipira za m'madepoti.

Taganizani bwino pamenepa. Mayi wogulitsa tomato ndi kabichi pamsika wa Bvumbwe amapereka ndalama yake kukhonsolo tsiku ndi tsiku, pamanja. Iyeyo ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti tikiti yake yagwira ntchito yanji.

Walira mvula walira matope

Tisanamizane, phula lili ndi mtengo wake. Malo ochitira malonda ngati Bvumbwe, Goliati ndi Thyolo boma akukula, ndipo achinyamata ambiri akugula mapuloti n'kumanga nyumba za lendi ndi mashopu. Dera likalowa m'gulu lolipira msonkho wa nyumba, bilu imafika kwa mwini nyumba, ndipo iye amaikankhira kwa wochita lendi. Kukana msonkho uku tikufuna misewu yabwino ndi magetsi a m'misewu sizingayende. Koma kulipira osaona kaundula wa mitengo ya nyumba, osadziwa kuti ndalama zatoleredwa zingati, nakonso ndi kutaya ndalama.

China n'chakuti msewu uli ndi malo ake. Pamsewu waukulu ngati M2, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati ndi a msewu. Musanagule puloti yotchipa "ya m'mbali mwa tara", kafunseni kukhonsolo. Ambiri alirapo shopu itapakidwa chizindikiro chofiira.

Khomo loyenera kugogoda

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala opanda makhansala, ndiye ambiri tinakula tikudziwa kuti chilichonse n'cha phungu, kuyambira mlatho mpaka bokosi la maliro. Zinthu zikusintha. Mu Meyi 2025 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa thumba la CDF, ndipo pa 16 Sepitembala chaka chomwecho tinasankha makhansala atsopano. Khansala wanu ndiye amakhala pamsonkhano umene umavomereza bajeti ya khonsolo.

Msewu suloŵa m'bajeti chifukwa chotukwana pa Facebook. Umayambira kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo. M'makomiti amenewa achinyamata timasowamo, timasiyira madala ndi amayi, kenako n'kumadabwa kuti msewu wathu sunatchulidwe. Komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Mutha kulemba kalata kukhonsolo kufunsa kuti msewu wakutiwakuti uli m'gulu liti, unapatsidwa ndalama zingati, ndipo kontirakitala wake ndani. Sungani kope lodindidwa. Jambulani zithunzi zokhala ndi tsiku. Foni muli nayo kale m'manjamo.

Ife a pagulu la WhatsApp lija tinayamba ndi chinthu chaching'ono. Tinalemba mayina a mabanja amene ankadutsa kanjira kaja, ana asukulu angati, amayi oyembekezera angati, n'kukapereka kwa a nyakwawa kuti nkhaniyo ikafike ku ADC. Chipata chikadali chotseka, ndipo azakhali akuzungulirabe ndi thumba lawo pamutu. Koma msonkhano wotsatira wa VDC uli Lachinayi masana pansi pa mtengo wa mango wa kusukulu, ndipo ulendo uno anyamata ndi atsikana asanu ndi mmodzi alonjeza kukakhalapo, kalata ili m'manja.