Kuteteza Magetsi a Dzuwa ndi Mphepo ku Mphenzi

Pamene dzinja layandikira, makomiti oyang'anira zipatala, sukulu ndi masikimu a ulimi wamthirira akukumbutsidwa kuti mphenzi imawononga zipangizo za sola ngakhale isanakhudze denga. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imalowa m'mawaya n'kutentha inveta. Zikatero firiji yosungira katemera imazima, ndipo pampu imaleka kutunga madzi.

Chitetezo choyamba ndi ndodo yamkuwa yokhomeredwa m'nthaka. Mafelemu a mapanelo, bokosi la inveta ndi mlongoti wa makina oyendera mphepo ziyenera kulumikizidwa ku ndodoyi ndi waya wonenepa komanso wamfupi, kuti mphamvu ya mphenzi ithere pansi.

Chachiwiri ndi kachipangizo kotchedwa surge protector, kamene kamaikidwa pakati pa mapanelo ndi inveta. Mphamvu ikapyola muyezo, kamaipatutsira ku ndodo ija. Kachipangizoka kamatha ntchito: kazenera kake kakafiira, kayenera kusinthidwa msanga.

Ntchitoyi igwiridwe ndi katswiri wovomerezedwa ndi bungwe la MERA. Makomiti ayendere zipangizozi mu Okutobala, mvula isanayambe, poti waya womasuka, wadzimbiri kapena wobedwa umasiya zonse popanda chitetezo.