Mbiri ya woimba imamangidwa pabwalo, pamaso pa anthu

M'midzi yambiri ya m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Chadiza, dzuwa likalowa ndipo nchito ya kumunda ikatha, pamamveka kulira kwa banjo ndi babatoni. Oimba ake amakhala anyamata amene anadzipangira okha zoimbirazo, ndipo ambiri mwa iwo amalakalaka kuti tsiku lina nyimbo zao zidzamveke pa wailesi. Ena amafika pogulitsa mbuzi kapena matumba a cimanga kuti akajambulitse nyimbo mumzinda, koma akabwerako amapeza kuti palibe woifuna nyimboyo, cifukwa palibe amene anawaonapo akuimba.

Mbiri ya oimba a m'Zambia ionetsa kuti anthu amayamba aona woimba pabwalo, namkonda, ndipo pambuyo pake ndi pamene amafunafuna nyimbo zake. Gulu loimba la WITCH, limene linayambira ku Kitwe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndi umboni wa zimenezi.

Wotsogolera nyimbo m'gululi anali Bambo Emmanuel Chanda. Anthu anawapatsa dzina lakuti Jagari powayerekeza ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones la ku Mangalande, cifukwa ca kudumpha ndi kuvina kwao akagwira cokuzira mau. Dzinali analitengera pabwalo, kwa anthu amene anali kuwaona ndi maso. Anyamata a WITCH anali kuimba m'maholo a kumigodi ndi m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, ndipo kuimba kwao kunali kutenga maola ambiri, kuyambira madzulo kufikira pakati pa usiku. Munthu amene anawaona Loweruka anali kukauza anzake ku nchito Lolemba, ndipo sabata yotsatira anali kubwera nao. Umu ndi mmene khamu lao linakulira, kufikira anayamba kuitanidwa ku maiko oyandikana nao monga Malawi. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Malekodi anabwera gululi litadziwika kale. Lekodi yao yochuka yakuti Lazy Bones inatuluka mu 1975, ndipo amene anaithamangira anali anthu omwe aja amene anali kudzaza maholo. Pa nthawi yomweyo mtsogoleri woyamba wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti mwa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'Zambia. Makampani a malekodi a ku Ndola, a Teal ndi a Zambia Music Parlour, anafunikira oimba ambiri, ndipo mwai unagwera magulu amene anali ndi owatsata kale.

Mu Lusaka munali Bambo Paul Ngozi, amene dzina lao lenileni linali Paul Nyirongo, ndi gulu lao la Ngozi Family. Iwo anali kuliza gitala mwaukali monga oimba a kunja, koma nyimbo zao zambiri anaziimba m'Cinyanja, ndipo zinali kukamba za umoyo wa m'makomboni, za maukwati ndi za makhalidwe a anthu. Womvera anali kudziona yekha m'nyimbomo. A Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo mseu wina mu Lusaka unapatsidwa dzina lao.

Kufunika kwa bwalo kunaonekera bwino pamene bwalolo linatsekeka. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zinacepa m'matumba a anthu, ndipo tikiti ya gule inayamba kupikisana ndi thumba la ufa. Kenaka nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika m'dziko muno. Mu October 1978 asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu pafupi ndi Lusaka ndi ku Mkushi, kumene woimba wochuka Bambo Alick Nkhata anafera. Boma linaika lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi, kotero kuti magulu oimba anatsala ndi kuimba masana okha, nthawi imene anthu ambiri ali pa nchito. Eni malo acisangalalo naonso anaona kuti kuliza malekodi a disiko kunali kochipa kuposa kulipira anyamata asanu ndi zoimbira zao.

Malekodi a WITCH analipo ndithu m'nyumba za anthu, koma sanathe kudyetsa oimba. A Chanda anasiya gululo napita ku Evelyn Hone College mu Lusaka kukaphunzira uphunzitsi wa nyimbo, ndipo pambuyo pake anakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali. Anzao onse amene anayamba nao gululi anamwalira.

Patapita zaka zambiri, mu 2012, kampani ya ku America yochedwa Now-Again inatulutsanso nyimbo zakale za WITCH, ndipo zinafika m'makutu a acinyamata a ku Ulaya ndi ku America. Acinyamatawo sanakhutire ndi kumva cabe, anafuna kumuona mwini mau. A Chanda anabwerera pabwalo pamodzi ndi Bambo Patrick Mwondela, amene anali m'gululi m'zaka za m'ma 1980, ndi oimba ena acinyamata a ku Ulaya. Anayendera maiko a ku Ulaya mu 2017, filimu yofotokoza mbiri yao inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 anatulutsa nyimbo zatsopano pa cimbale cakuti Zango. Pamenepo a Chanda anali atapitirira zaka 70, koma anali kuvinabe pamaso pa anthu amene sanabadwe pamene Lazy Bones inatuluka.

Gulu la Amayenge, limene linayambira ku Choma mu 1978, linayenda njira ina yofikira pamalo amodzimodzi. Linasiya kutengera nyimbo za kunja ndi kutenga kalindula ndi magule a mitundu yosiyanasiyana ya m'Zambia, kotero kuti kulikonse kumene linapita anthu anamva cinenero cao ndi ng'oma ya kwao. Woyambitsa gululi, Bambo Chris Chali, anamwalira mu 2003, koma gulu linapitiriza kuimba motsogozedwa ndi Mai Alice Chali, popeza anthu anali kuliitanabe.

Mnyamata wa kumudzi amene ali ndi banjo asaganize kuti bwalo lili ku Lusaka kokha. Ukwati wa pamudzi, tsiku la msika, cionetsero ca zaulimi ca pa boma ndi masewera a pa sukulu, onsewa ndi mabwalo. Miyambo ya Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi Kulamba ku Mkaika mu August imasonkhanitsa anthu zikwi zambiri, ndipo malo acisangalalo a m'matauni oyandikana nayo amafuna oimba pa masiku amenewo. Pamalo otere woimba amaphunzira zimene cipinda cojambulira sicingamuphunzitse: nyimbo imene imadzutsa amai pa mphasa ndi imene imawabwezera kunyumba.

Koma bwalo lili ndi mwambo wake. Gulu liyenera kuyeseza nyimbo zake kufikira zitapsa, kufika pa nthawi imene linalonjeza, ndi kusiya mowa kufikira nchito itatha, cifukwa anthu amene analipira pakhomo saiwala woimba amene anawagwiritsa mwala. Za malipiro zikambidwe ndi kulembedwa gule asanayambe, ndipo ndalama zigawidwe poyera, gawo lina lisungidwe logulira zingwe za gitala, zokuzira mau ndi zoyendera. Magulu ambiri amapasuka cifukwa ca ndalama za pakhomo ndi mkangano wa mwini zoimbira, luso likadalipo.

Masiku ano nyimbo imayenda pa foni kucoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo, ndipo kawirikawiri woimba salandirapo ngakhale ngwee imodzi. Ndalama imene angaigwire m'manja ndi ija ya munthu amene wayenda mtunda kudzamuona. Wacinyamata amene akuganiza zogulitsa mbuzi ya makolo ake kuti akajambulitse nyimbo, ayambe wawerenga anthu amene anabwera kudzamuona ulendo watha, ndi angati mwa iwo amene anabweranso ulendo waciwiri.